Mphira Imene Ababa Anamanga pa Makina Ochekera

Makina ochekera matabwa aja ndinagula ndine, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Ababa anali kalipentala ku Old Town, kuseri kwa msika waukulu, m'shedi yamalata imene ankagawana ndi anzawo atatu. Kwathu ndi cha ku Mitundu, koma iwo anabwera m'tauni ine ndisanabadwe, ndipo utuchi wa m'shedi imeneyo ndi umene unandiphunzitsa sukulu ine mwana wawo wamkazi mpaka ndinapeza ntchito ya mu ofesi ku Capital Hill. Anzawo aja ankakhoma mabedi ndi mipando. Ababa ankati zimenezo ndi za aliyense amene ali ndi hamala. Yawo inali ntchito ya ngodya: mafelemu a zitseko, a zithunzi, ndi timatabwa tokongoletsa tija timene timayenda pamene khoma lakumana ndi siling'i. Anali ndi kabokosi ka matabwa atatu kamene anadzipangira okha, kokhala ndi mipata yolowetsamo sowo, kakuda bii ndi thukuta la zaka zambiri. Munthu wina akakagwira ankakwiya ngati wawapondera chipewa.

Amayi atamwalira ndinawatenga Ababa kuti tizikhala limodzi ku Area 15. Apo m'pamene ndinaona kuti ntchito yayamba kuwachedwera. Felemu ya tsiku limodzi inkatenga masiku atatu. Achimwene anga, amene amakhala kumudzi, anayamba kulimbikira pafoni kuti akuluwo akapume kwawo. Ababa akamva zimenezo ankaseka mosakondwa. “Ndikadzasiya sowo,” ankatero, “muwauze anzangawa ayambe kundiyeza, matabwa alipo.” Ine mawu amenewo ankandiopsa, chifukwa ndinkadziwa kuti sakucheza kwenikweni. Kumudzi analibe munda umene anauzolowera, analibenso mnzawo wotsala.

Ndiye kunabwera ntchito yaikulu. Mkulu wina wopuma ntchito m'boma, wa kumpoto, ankakonzetsa nyumba yake ku Area 11, ndipo ankafuna timatabwa ta m'siling'i m'zipinda zonse. Ababa anavomera msangamsanga, koma madzulo ndinkawaona akusisita dzanja lawo lamanja. Ine ndi nzeru zanga za mu ofesi ndinati vuto ndi mphamvu ya m'mkono, kukankha ndi kukoka sowo tsiku lonse. Ndinapita m'sitolo ina ya zipangizo komweko ku Old Town n'kugula makina ochekera ngodya, aja amene mpeni wake wozungulira umatsika kuchokera pamwamba.

Tinawatsegula Loweruka m'mawa, shedi yonse itatizungulira. Ababa anayang'ana utoto wake wonyezimira n'kugwedeza mutu.

“Chikomekome cha nkhuyu,” anatero. “Tiona m'katimo.”

“Ababa, safunsa anadya phula. Khalani pansi ndikuwerengereni kabukuka.”

“Werengani, abwana a ku Capital Hill. Ife osaphunzira timvere.”

Tsiku limenelo ndimalikumbuka ndi chimwemwe kuposa masiku ambiri a moyo wanga. Ine ndinkawerenga Chingerezi n'kumamasulira, iwo n'kumatsutsa chilichonse, kenaka n'kuchichita bwino kuposa mmene bukulo linanenera. Linati makinawo amangidwe ndi mabauti patebulo losagwedera. Iwo anayamba ndi kulipala tebulo lawo lakale, n'kuliika timitengo kumiyendo mpaka kapu ya madzi imene anaika pamwamba inasiya kupendekeka. Linati pulagi ikhale yozula, kenaka munthu aone ngati mpeni wayima molunjika. Apo anatulutsa sikweya yawo yachitsulo yoyezera ngodya, naigunditsa kumpeni ndi kuchitsulo chotsamirapo thabwa, natsinzina diso limodzi.

“Wabodza uyu,” anatero. “Wapendekera kumanzere.”

Ine sindinkaona kalikonse. Koma titacheka kathabwa koyesera n'kulumikiza zidutswa ziwirizo, mpata unalipo, wongokwana tsitsi. Anamasula bauti yakumbuyo, nagogoda pang'ono, namanganso, ndipo mpata uja unatha. Anzawo anaombera m'manja, iwo n'kumachita ngati sakumva.

Chimene chinawagonjetsa n'chakuti makinawo ankapindika pawiri. Mbale yapansi inkazungulira kumanja ndi kumanzere, mutu nawonso unkagona cham'mbali. Timatabwa ta m'siling'i timakhala chopendekeka, ndiye pangodya timafuna kuchekedwa mopingasa komanso mogoneka nthawi imodzi. Ndi sowo yamanja imeneyo inali ntchito ya theka la ola ndi kutukwana kwapansipansi. Apa anangotsitsa mpeni kamodzi, fungo la paini n'kuti guu m'shedi monse, ngodya n'kukumana. Ataiona anati, “Azungu ndi afiti.”

Malamulo ndinawalemba ndi choko pachitseko cha shedi, chifukwa bambo anga ndimawadziwa. Magalasi kumaso. Manja a malaya apindidwe. Thabwa litsamire kuchitsulo ndipo lipanidwe, lalitali likhale ndi potsamira kumapeto. Dzanja likhale kutali ndi mpeni, ndipo mikono isapingasane. Mpeni uyambe wathamanga usanakhudze thabwa, ukatha kucheka uyime kaye usanadzutsidwe. Chivundikiro cha mpeni chisachotsedwe. Pomaliza ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti asanagwire mpeni azule pulagi. Mmodzi wa anzawo, wa mabedi, anati ndangotsala pang'ono kufika pa malamulo khumi a Mose.

Makinawo anali ndi swichi pachogwirira, yofinya ndi zala. Ukafinya amalira, ukasiya amazima. Ndinawafotokozera kuti anapangidwa dala choncho, kuti dzanja likangochoka mpeni uyime. Anati amva.

Sabata yotsatira, Lachisanu, nditaweruka masana, ndinakwera minibasi kupita ku Old Town kuti ndikaone mmene zikuyendera. Magetsi anali atazima mbali yonseyo. Owotcherera zitsulo anali atakhala pamithunzi, ena akusewera bawo. M'shedi mwathu munali zii. Ndinawapeza Ababa ataweramira makina aja. Ndi dzanja lamanzere anali atakankhira chivundikiro m'mwamba, ndipo ndi zala za kumanja ankatokosa utomoni wa paini pakati pa mano a mpeni, dzino limodzilimodzi.

Ndinayamba ndaona pulagi, ili m'khoma. Kenaka ndinaona chogwirira. Chinali chokulungidwa ndi mphira yakuda ya chubu cha njinga, ija timamangira katundu pakaliyala, yomangidwa zolimba moti swichi inali yofinyika kale. Ndinazindikira pomwepo zimene ankachita. Ankayatsa ndi kuzimitsa makinawo pasoketi yapakhoma. Magetsi atazima ali pakati pocheka, makina anangoti zii, ndipo iwo anaiwala kuti pakhomapo sanazimitse.

Sindinalonjere. Ndinawagwira kolala ya ovolosi n'kuwakokera kumbuyo mwamphamvu moti anagwera pamulu wa matabwa. Ndinakuwa mawu amene sindinayankhulepo kwa munthu wamkulu aliyense chibadwire. Ndinawafunsa ngati zala zawatopetsa, ngati akufuna ndizikawadyetsa ndi supuni. Anzawo anaimirira, wa mabedi uja akuti, “Iai, mayi, ndi bambo anu awa.” Ababa anandiyang'ana ali pansi pomwepo, nkhope itagwa ndi manyazi, ndipo anatsegula pakamwa kuti andidzudzule.

Asanayankhule, kunja kunamveka mfuu ija timaidziwa tonse a mu Lilongwe, “Ayakaaa!” Wailesi ya kwa ometa tsitsi inayamba kuimba, ndipo patebulo paja makina anabangula okha, popanda munthu wowagwira. Kansalu kamene Ababa anasiya pafupi ndi mpeni kanakokedwa n'kuponyedwa kudenga kali nyenyeswa. Ndinathamangira kukhoma n'kuzula pulagi. Mpeni unapitiriza kuzungulira pang'onopang'ono mpaka unayima, tonse tikungouyang'ana.

Anzawo anatuluka mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Tinatsala awiri. Ine mkwiyo unali usanathe, koma tsopano unasakanikirana ndi misozi.

“Ndinakuuzani, Ababa. Ndinalemba ndi pachitseko pomwe. Mphirayi ndi yachiyani?”

Anatambasula dzanja lawo lamanja n'kuyesa kufumbata. Zala zinangofika pakati n'kuyima.

“Sizifinya, mwana wanga,” anatero. “Ndikagwira swichiyo pang'ono, dzanja limasiya lokha. Chaka chino chonse zalazi zili dzanzi. Msomali ndimaugwira poona ndi maso, osati poumva.”

“Bwanji osanena?”

“Ndinene kuti munditumize kumudzi?”

Ndinakhala pansi pautuchi pambali pawo, ndi siketi yanga ya ku ofesi. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinkagona nawo nyumba imodzi, ndinkawaona akugwetsa kapu ya tiyi n'kumati ndi ukalamba chabe, ndipo m'malo mowatengera kuchipatala ndinawagulira mpeni wothamanga kuposa onse m'tauni. Ndinawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Anati akudziwa, koma dzenjelo linali lawo.

Kuchipatala anati ndi matenda a shuga, ndipo anatiuza mosabisa kuti mankhwala athandiza thupi koma zalazo sizidzabwereranso mwakale. Potuluka Ababa sanafunse za mankhwala. Anafunsa za nyumba ya ku Area 11, imene inali itatsala zipinda zinayi. Anati sanasiyepo ntchito ya munthu pakati, ndipo sayambira paukalamba.

Ndinatenga tchuthi cha masabata awiri. Mphira ija ndinaidula ndi lumo n'kuitaya. Makina tinawanyamula pa galimoto ya hayala n'kukawamanga pakhonde la nyumbayo, pansi pa mthunzi wa mitengo ikuluikulu ya kumeneko, kumene munthu umamva mbalame m'malo mwa mahutala. Tinagawana ntchito. Iwo ankayeza, kulemba ndi pensulo, ndi kutchera ngodya zonse ziwiri. Ine ndinkapana thabwa, kuvala magalasi, kufinya swichi ndi kutsitsa mpeni. Iwo ankaima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba, monga tinapanganirana, koma pakamwa pokha sipankapuma.

“Mwathamanga, abwana. Musaukankhe, ulekeni udye wokha. Mverani kulira kwake. Ukayamba kubuula ndiye kuti mwaupanikiza.”

Tsiku loyamba ndinaononga matabwa atatu. Lina ndinalicheka mbali yolakwika ya mzere, lina ndinalitembenuza, ngodya ya kumanja n'kukhala ya kumanzere. Ababa anaseka mpaka kutsokomola, nati boma likuyendetsedwa ndi anthu otere, n'chifukwa chake. Koma nawonso ndinkawagwira. Akangoyandikira kuti achotse kachidutswa pafupi ndi mpeni, ndinkati “Pulagi!” iwo n'kubweza dzanja ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Magetsi akazima tinkazula pulagi, n'kukhala pamasitepe kumadya chinangwa chophika chimene mayi a m'nyumbamo ankatipatsa. M'maola amenewo anandiuza zambiri zimene sindinkazidziwa, za mmene anafikira m'tauni ndi sowo imodzi yobwereka, za nyumba za ku Area 10 ndi Area 12 zimene anaikamo zitseko kudakali tchire, za mmene anakumanirana ndi amayi pa depoti ya mabasi. Ndinakhala mwana wawo zaka makumi anayi, koma bambo anga ndinawadziwa m'masabata awiri amenewo. Ndimawasowa masiku aja.

Chipinda chomaliza chinali chochezera. Ngodya yotsiriza inali yovuta chifukwa khoma lake silinali lolunjika, ndipo tinayesa kanayi pa tizidutswa tisanacheke thabwa lenileni. Wokhoma misomali anali mnzawo wa mabedi uja, amene anabwera kudzatithandiza masiku omaliza. Mnzawoyo atatsika pamakwerero, mwini nyumba analowa, nayang'ana m'mwamba kuzungulira chipinda chonse, nagwira Ababa chanza ndi manja awiri. “Adada, mwagwira ntchito,” anatero. “Amisiri ngati inu atha.”

Ababa anathokoza, koma ndinaona kuti mtima sunakhazikike. Mwini nyumba atatuluka, anakwera makwerero pang'onopang'ono, ine nditawagwirira. Anayendetsa chala chawo chachikulu pamene matabwa awiri aja anakumana, kamodzi, kawiri, katatu. Kenaka anatsika.

“Kwerani inu,” anatero. “Maso amanama. Mukapapase ndi chala, mundiuze ngati pali mpata.”

Ndinakwera. Ndinatsinzina n'kuyendetsa chala pangodyapo monga anachitira iwo. Panali posalala ngati thabwa limodzi.

“Palibe, Ababa.”

“Musandinyengerere.”

“Palibe ndithu. Ngakhale tsitsi silingalowe.”

Anagwedeza mutu. Anachotsa pensulo imene inali kukhutu kwawo, naiyang'ana, naiika m'thumba la malaya.

“Basi,” anatero. “Muwaimbire achimwene anu. Muwauze andikonzere nyumba kumudziko, ndikubwera.”