Namafunso Pakauntala

Dzina lakuti Namafunso anamupatsa ndi achimwene ake iye akadali kamtsikana, ndipo linamumatirira ngati chisoso mpaka anakula nalo. Anthu ankati mkaziyu samva kamodzi. Koma kumva ankamva ndithu, mwinanso kuposa onse. Makutu ake ankatola ngakhale kulira kwa getsi la kudenga, kumene anzake ankalumbira kuti kulibe. Chimene chinkamuimitsa mutu n'chakuti anthu amanena china akutanthauza china.

Munthu wanyamuka, waloza kuchitseko, amvekere, "Ndikubwera." Akubwera bwanji pomwe akupita? Wina akufunsa kuti mwadzuka bwanji, iwe n'kuyamba kumufotokozera za msana ndi za udzudzu umene unakusowetsa tulo, ukatukula maso n'kupeza mwiniwake wa funso ali kale kutsidya kwa msewu. Namafunso anakula akuganiza kuti payenera kuti panali tsiku limene anthu onse anaitanidwa kukauzidwa malamulo a zinthu zimenezi, iye yekha uthenga sunamupeze.

Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya achimwene akewo. Mayi awo asanamwalire ankangoti, "Mwana wangayu ndi wamanyazi chabe, musiyeni." Achimwene ake ankati ndi makani. Alamu ake, mkazi wa achimwenewo, amene ankagulitsa nsapato pamsika, analibe dzina la khalidweli. Ankangodziwa kuti akamugulira bulauzi ayambe adula kansalu ka pakhosi kaja, apo ayi bulauziyo ikalambira m'sutikesi.

Ntchito yake inali yosita, pa shopu yochapa zovala. Tebulo lake linali kumbuyo kwenikweni, pakona, pansi pa kazenera koyang'ana khoma la nyumba ina. Pamenepo zinthu zinkayenda mwa dongosolo. Malaya ankayamba kolala, kenako mapewa, mikono, kumsana, n'kumalizira kumabatani. Simbi inkapuma nthunzi, makwinya n'kugona. Ankaika thonje m'makutu kuti phokoso la makina limveke ngati mvula ya kutali, ndipo tsiku linkatha osakangana ndi munthu. Woyendetsa makina ochapira anali bambo wachikulire amene onse ankamutchula kuti a Thovu. Iwowa sankakonda zoyankhulayankhula, n'chifukwa chake ankagwirizana.

M'mawa wina a Thovu analowa akumwetulira.

"Achemwali, mwamva? Mnzathu wa pakauntala uja wachira."

"Amadwala chiyani?"

A Thovu anaseka mpaka kugwira makina. "Ayi, wabereka! Mwana wamkazi."

Namafunso anaima simbi ili m'manja. Mimba anaiona, inde, koma palibe anamuuza kuti ndi matenda. Asanafunse funso lachiwiri analowa Madamu, mwini shopu, makiyi akulira m'manja.

"Namafunso, siya simbiyo. Ugwirizire pakauntala masiku ochepa, mpaka mnzako abwerere."

"Ochepa angati, Madamu?"

"Ochepa basi. Tamvera. Uzisekerera. Kasitomala uzimuyang'ana m'maso. Usamunamize, ndipo atuluke muno ali wosangalala. Palibe chovuta."

Thonje anamuuza kuti achotse. Kutsogolo kunali dziko lina. Wailesi inkaimba osapuma, foni inkalira, chitseko chinkalira, minibasi zinkaimba mahutala panja, ndipo aliyense wolowa ankabwera ndi fungo lake, wina pefyumu, wina fodya, wina thukuta la dzuwa lonse. Kusekerera anayeserera pagalasi la zenera, koma sankadziwa nthawi yosiyira, moti masaya ankamupweteka. Za maso ndiye zinali zina. Akayang'ana munthu m'maso, mawu a munthuyo ankasungunuka, iye n'kumangoona timitsempha tofiira ndi zikope zikuphethira. Bambo wina wobweretsa suti anapirira kuyang'anidwako kwa kanthawi, kenako anadzipukuta pamphuno n'kufunsa, "Mayi, ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Andiuza kuti ndizikuyang'anani."

Bamboyo anatuluka chambuyo.

Tsiku lachitatu lake kunabwera mayi wina wa zibangili zambiri, ataponya diresi lobiriwira pakauntala.

"Mwandiwonongera diresi! Ndinabwera nalo likundikwana bwinobwino, lero zipi sakutseka. Mwalichepetsa ndi makina anuwo!"

Namafunso analitambasula. Ankalidziwa, analisita yekha kangapo konse. Anayang'ana misoko, nayang'ananso mayiyo, ndipo mtima unakhala pansi chifukwa yankho linali losavuta.

"Diresi silinachepe, mayi. Mwanenepa ndinu."

Anakumbukira lamulo lija n'kusekerera.

Zimene zinatsatira sanazimvetse mpaka lero. Mayiyo anakuwa. Madamu anatulukira m'kaofesi kawo akuthamanga, anagwira mayiyo pamkono, napepesa, nanena kuti mwina madzi anatentha kwambiri, kuti makina a masiku ano ngosadalirika, kuti telala wawo alikulitsa mwaulere. Mayiyo atapita, Madamu anatembenuka maso ali psuu.

"Iwe, mutu wako umayenda?"

"Munati ndisanamize kasitomala."

"Ndinatinso atuluke ali wosangalala!"

"Nanga zikasemphana ndisankhe chiti? Ndiponso inu mwanena kuti madzi anatentha. Diresi lija silinalowe m'madzi otentha. Afunseni a Thovu."

Madamu anapuma mozama, nakhala pampando. "Tamvera, mwana wanga. Pali zoona zonena, pali zoona zomeza."

"Ndizisiyanitsa bwanji?"

"Umangodziwa."

Mawu amenewo Namafunso anali atawamva moyo wake wonse. Umangodziwa. Kusukulu, kutchalitchi, pamaliro a mayi ake pamene anafunsa ngati angathe kupita kukagona poti anali atatopa. Aliyense ankangodziwa. Ankadziwira kuti?

Kumapeto kwa sabata shopu inadzaza. Anthu anaima mpaka pakhomo. Wina ankagogoda kauntala ndi kiyi wa galimoto, go go go, osaleka. Wina ankafuna jekete lake msanga, wina ankayankhula pafoni mokweza, wailesi ili pakati pa nyimbo ya malipenga, getsi la kudenga likulira kulira kwake kuja. Mtsikana wina anamugwira paphewa kuti amutembenukire. Apo ndiye zonse zinasanduka chinthu chimodzi chachikulu chomugwera pamutu. Namafunso anaona pakamwa pa anthu pakutseguka ndi kutseka koma mawu sankalumikizana. Anafuna kunena kuti dikirani, lilime linakana. Anagwira makutu ndi manja onse awiri, nathawira kumbuyo, nakalowa pansi pa tebulo lake lositira. Anakhala pamenepo mawondo ali pachifuwa, akugwedezeka uku ndi uku, akung'ung'udza kamawu kamodzi.

A Thovu sanafunse kanthu. Anazimitsa makina, nakoka nsalu yaikulu ya pabedi n'kuiphimba patebulopo kuti ifike pansi mbali zonse, kenako anakaima pakhomo la chipindacho ngati mlonda. Madamu atafuna kulowa, iwo anangopukusa mutu. "Muitanitseni mlamu wake."

Kunyumba nkhani inakula. Achimwene ake ankayendayenda pabalaza. "Munthu wamkulu ngati iwe, kulowa pansi pa tebulo anthu akuona! Ukufuna ntchito ikuthere?" Mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pawindo n'kunena kuti zimenezi n'zofunika mapemphero amphamvu. Namafunso anali atatopa ngati wanyamula matumba tsiku lathunthu. Alamu ake ndi amene anadula nkhani.

"Bambo a m'nyumba, khalani pansi, mukutizunguza mutu. Pali namwino wina amagula nsapato kwa ine. Ndinamufotokozerapo za alamu angawa, anati kuchipatala chachikulu kuli dokotala woona zoterezi. Tipita."

"Koma sindikudwala, alamu."

"Tikangomva, alamu. Kumva sikulipitsa."

Dokotalayo anali mayi wa mawu otsika. Sanamupime ndi chitsulo pachifuwa, sanamutenge magazi. Anangofunsa mafunso, ndipo kwa nthawi yoyamba Namafunso anakumana ndi munthu womuposa kufunsa. Ankasewera ndi anzake ali mwana? Ndi zovala ziti zimamuyabwa? Minibasi ikasintha njira amamva bwanji? Ulendo wotsatira anaitanitsa achimwene ake kuti afotokoze za ubwana wake, ndipo iwo anakumbukira mmene ankandandalikira zitsekerero za mabotolo pakhonde tsiku lonse, ndi mmene ankalirira wina akasuntha chimodzi. Atapitako maulendo angapo, dokotala anatseka cholembera chake.

"Chimene muli nacho chimatchedwa otizimu. Munabadwa nacho. Ubongo wanu umalandira phokoso, kuwala ndi mawu a anthu mosiyana ndi mmene ambiri amalandirira."

"Mankhwala ake ndizimwa kangati patsiku?"

"Palibe mankhwala ochotsa zimenezi. Si matenda oti muchire."

"Ndiye sindikudwala?"

"Simukudwala."

"Nanga dzina mwandipatsali n'lachiyani?"

Dokotala sanaseke. Anaganiza kaye. "N'loti mudziwe kuti simunali wamakani kapena wopusa. N'lotinso muzitha kuuza anthu chimene mukufuna. Phokoso likachuluka, tulukani msanga lisanakugwetseni. Munthu akamazungulira, muuzeni kuti anene mwachindunji. Alipo ena ambiri onga inu, ena ali pantchito, ena ali pabanja."

"Ali kuti? Sindinawaonepo."

"Mwina nawonso ali m'zipinda za kumbuyo."

Pobwerera, m'minibasi, achimwene ake ankangoyang'ana pawindo. Atatsika anamuyandikira, natukula dzanja ngati amugwire paphewa, n'kulibweza.

"Mlongo wanga, ndiye kuti zaka zonsezi tinkakukalipira pachabe."

"Maso anu afiira, achimwene. Ndi fumbi?"

"Eya," anatero iwo. "Ndi fumbi."

Namafunso sanadziwe ngati asangalale kapena adandaule. Anadzifufuza mumtima ngati munthu wofufuza m'thumba la jekete, napezamo zonse ziwiri zitapiringizana. Dzulo anali munthu wovuta, lero ndi munthu wa otizimu, koma getsi linkalirabe chimodzimodzi.

Alamu ake anapita okha kukayankhula ndi Madamu. Madamu anamva theka, theka linawadutsa. "Bwenzi utanena kale," anatero Madamuwo pamene Namafunso anabwerera kuntchito.

"Ndikananena chiyani, Madamu? Inenso ndamva kumene."

Anagwirizana kuti abwerere kusimbi yake, thonje lake m'makutu. Pakauntala azithandiza m'mawa mokha, anthu asanachuluke, wailesi itazimitsidwa, ndipo aziyang'ana chovala m'malo mwa maso a mwini wake. Nkhani za kuchepa kwa madiresi aziitana Madamu. Masiku ena zinkayenda. Masiku ena Madamu ankaiwala n'kutsegula wailesi, ndipo Namafunso ankapita kukaima kuseri kwa shopu, pafupi ndi thanki ya madzi, mpaka wailesiyo itazimitsidwa.

Ndi m'mawa wotero pamene dalaivala wa galimoto yobweretsa nsalu za kuhotela anayamba kuchedwa kunyamuka. Anali munthu wamtali, wa dazi loyamba kumene. Ankatsitsa mitolo yake, n'kumaimabe, akupotokola chipewa m'manja. Tsiku lina analimba mtima.

"Achemwali, kodi kwanu kuli agalu olusa?"

"Aliko mmodzi, koma ndi wokalamba, mano anatha. Mukufuna kugula galu?"

Kumbuyo a Thovu anatsokomola chifuwa chimene analibe. Namafunso anazindikira kuti pali chimene chamudutsa, poti dalaivalayo anali atayang'ana pansi ngati wataya ndalama. Anakumbukira mawu a dokotala.

"Pepani, achimwene. Ine mawu okuluwika sindimva. Nenani mwachindunji."

Munthu wamkulu uja anatuluka thukuta pamphumi. Anayang'ana kuchitseko, nayang'ana mitolo yake. "Ndimati... ndikufuna tsiku lina tikamwe tiyi limodzi. Inu ndi ine."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa mumandisangalatsa."

Dalaivalayo anayamba kuvala chipewa kuti azipita.

"Malo ake akhale opanda nyimbo," anatero Namafunso. "Ndipo mundiuze nthawi yeniyeni."

Alamu ake atamva nkhaniyi anakuwa ndi chimwemwe mpaka Namafunso anatseka makutu. Alamuwo anapepesa, n'kuyamba kunong'ona.

"Ndikanene chiyani kumeneko, alamu?"

"Mungokhala mmene mulilimu."

"Mmene ndililimu ndi mmene mayi wa diresi uja anakuwira."

"Chabwino. Akakufunsani za dazi lake, mudzati simunalione."

"Koma ndaliona."

"Ndiye mudzamwe tiyi, pakamwa padzaze."

Anapita Lamlungu masana. Anabwerera dzuwa lisanalowe, napeza alamu ake atakhala pakhonde ngati akupukuta nsapato za malonda, chonsecho maso ali kumsewu.

"Zayenda bwanji?"

"Sindikudziwa. Iye anakamba za injini, ine ndinakamba za nsalu. Kenako tinakhala chete. Anati tidzapitenso, ndinavomera."

"Ndiye mwamukonda?"

Namafunso anaima pakhomo la kachipinda kake, kiyi ali m'manja, nkhope itakwinyika ndi maganizo.

"Satafuna mokweza," anatero. "Zinazo ndiganize kaye."