Galimoto Yopanda Tabo

Amuna anga ali ndi dzanja losamva. Galimoto ikangoyamba mtsetse, dzanjalo limapita lokha pa kiyi n'kuzimitsa injini, ati kusunga mafuta. Si iwo okha ayi, madalaivala ambiri kuno kunsi kwa phiri amatero, makamaka chiyambire mavuto a mafuta aja anthu ankagonera pamzere. Kuchokera kwathu kuseri kwa minda ya tiyi, njira imatsikira kumtsinje, n'kukwera chitunda chachitali, kenako n'kutsikanso mpaka patala wopita ku Boma. Mitsetse yonseyo kapikapu kathu kakale kankatsika kali chete ngati wilibala, eni ake akuimba mluzu.

Kapikapuko kanali kadizilo, ndipo kanali ndi tabo. Mawu amenewo ndinkangowamva amuna anga akudzitama nawo kwa anzawo, koma kuti chinthucho n'chotani sindinkadziwa, komanso sindinkafuna kudziwa. Ine yanga inali kupakira nanazi ndi nthochi kukagulitsa ku Limbuli, basi.

Ndinadzadziwa chifukwa cha mwana wathu wamkazi, amene anamanga ndi mwamuna wake kuseri kwa nyumba yathu. Pa mimba yake yoyamba, kusikelo anamuuza kuti akachirire kuchipatala chachikulu ku Boma chifukwa mwana sanagone bwino. Tinkati timuperekeze kuchidikiro masiku akayandikira, koma chakudza sichiimba ng'oma, matenda anayamba nthawi isanakwane. Tinamukweza mukapikapu kaja. Tili pakati pa chitunda, injini inalira kulira kwachilendo, utsi woyera unaphimba msewu wonse, kenako zii. Pamene tinkapeza galimoto ina yotinyamula n'kuti dzuwa litapendeka. Kuchipatala mwana wanga anamupulumutsa, koma khanda linatuluka lili chete.

Kwathu mtayo salira, ndipo amuna sapita nawo kokaika. Tinapita amayi okhaokha, ine n'kunyamula mdzukulu wanga m'kansalu, wopepuka ngati mtolo wa masamba. Tinabwerako pakamwa tili tseke monga mwa mwambo. Koma ine mtima wanga sudziwa kukhala chete, ndipo mkwiyo umene ndinalephera kuulira unanditengera kwa makaniko wa ku Limbuli amene anakoka kapikapuko.

Ndinamupeza atamasula injini, ndipo ndinamuuza kuti sindichoka mpaka andionetse chimene chinapha galimoto. Anandiyang'ana ngati ndasokonekera, koma ataona kuti ndayala chitenje pansi n'kukhala, anatola chitsulo china chozungulira ngati chigoba cha nkhono n'kundipatsa m'manja. Anati tabo ndi imeneyo. M'kati mwake muli kachitsulo kamapiko kamene utsi wa injini umakazunguza mothamanga kwambiri, ndipo iko kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu pachitunda. Kamatentha koopsa, ndiye moyo wake wonse ndi oyilo. Ukazimitsa injini utangokwera chitunda, oyilo amaima koma iko kakadali kuzungulira kouma. Ukamachita zimenezo tsiku ndi tsiku, uku oyilo wake ndi wongothirira wam'mabotolo osamukhetsa, tsiku lina kamaphwasuka, injini n'kumwa oyilo wake womwe.

Ndinamufunsa ngati ndiye kuti tabo n'choipa. Anakana. Anati magalimoto a kuesiteti ya tiyi ali nayo ndipo amatha zaka, chifukwa oyilo amasintha pa nthawi yake ndipo dalaivala amadikira kaye injini ipume asanazimitse. Anawonjeza kuti kuzimitsa pamtsetse n'koopsa pa galimoto iliyonse poti ndi mabuleki omwe amalimba, koma wauza anthu mpaka pakamwa pauma. Yopanda tabo ndiye imapirirako nkhanza zathuzi, kungoti pachitunda imayenda ngati yatopa. Ndinati andiphunzitse kusiyanitsa. Ananditsegulira maboneti a magalimoto amene anali pamenepo, n'kundiuza kuti ndizitsatira paipi yochokera pa bokosi losefa mpweya. Ikakalowa molunjika mu injini, palibe tabo. Ikakhotera kumbali yotulukira utsi n'kukalowa m'chigoba chija, ilipo, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso karediyeta kena kakang'ono koziziritsa mpweya. Ndinabwerera kunyumba manja ali bii, koma mutu utayera.

Amuna anga sindinawauze kuti dzanja lawo ndi limene linapha kapikapu. Ndinayesa kamodzi, iwo n'kunena kuti anali dizilo woipa wam'zigubu, ndipo anatuluka panja osamaliza kudya. Ndinaona kuti akudziwa, kungoti sangathe kuzinyamula.

Patapita nyengo, mwana uja anaimanso. Tsiku limene anandinong'oneza, ndinalumbira mumtima kuti pakhomo pano pakhala galimoto yoti ikafike ku Boma, ndipo woisankha ndikhala ine. Tinagulitsa chigoba cha kapikapu kaja, ine n'kuikapo za nanazi, mkamwini wathu naye n'kuponyapo zake. Amuna anga anavomera kuti tiziyendera limodzi pokaona magalimoto, poganiza kuti ndikungofuna kusankha mtundu wa penti.

Yoyamba tinakaiona ku Boma. Inali yokongola, mipando yake ngati ya m'nyumba ya bwana, ndipo amuna anga anali atayamba kale kuisisita. Mwini wake anati za tabo sakuzidziwa, iye amangoyendetsa. Ndinatsegulitsa boneti, n'kutsatira paipi ndi chala, ndipo inanditengera kuseri kwa injini kumene chigoba chija chinabisala pansi pa kachilata. Nditagwira polumikizira paipi, chala chinabwerako chili noninoni ndi oyilo. Ndinati aponde moto, ndipo ndinamva kamluzu ka tabo kuchokera m'kati, kumbuyo kukutuluka utsi wobiriwira. Ndinapukuta chala pachitenje n'kuuza amuna anga kuti tiyeni. Njira yonse mu minibasi sanandilankhule, ine n'kumadya chinangwa changa bwinobwino.

Yachiwiri inali ku Thuchila, kwa bambo wina wogulitsa zipangizo za njinga. Inali yapetulo, yotuwa, yotalika kumbuyo moti munthu atha kugonamo. Pachitseko chakumbuyo panali zilembo zonyezimira zosonyeza kuti ili ndi tabo, ndipo wogulitsayo ankaziloza mobwerezabwereza, ati pachitunda imauluka. Amuna anga maso anawala. Ine mtima unagwa, komabe ndinati atsegule boneti.

Paipi ija inachoka pa bokosi n'kukalowa mu injini molunjika, osakhota. Sindinakhulupirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndinamanga chitenje, n'kugona chagada pafumbi, n'kulowa kunsi ndi tochi ya pafoni. Wogulitsa uja anaseka, n'kufunsa amuna anga ngati mayiwa ataya ndolo. Anthu a pamsika anayamba kuunjikana, ine osawalabadira. Ndinatsatira paipi ya utsi kuchokera pa injini mpaka kumbuyo, ndipo chigoba panalibe. Karediyeta kachiwiri panalibenso. Nditatuluka ndinati ailize. Inalira bwinobwino, popanda mluzu, popanda utsi, ndipo oyilo pa kachitsulo koyezera anali woyera ngati uchi. Kenako ndinapita kumbuyo n'kukanda zilembo zija ndi chikhadabo. Chimodzi chinatukuka, kunsi kwake kuli guluu womatira nsapato.

Wogulitsa anayamba kulumbira kuti naye anaigula choncho. Amuna anga anapsa mtima, ati munthu wabodza sagulana naye, ndipo galimoto yopanda tabo ikakwera bwanji chitunda chakwathu. Anatembenuka kuti azipita. Ndinawagwira malaya n'kuwakokera pambali, kuseri kwa golosale, poti mawu amenewa sanali a pagulu.

"Bambo, dzanja lanu ndalephera kulisintha, ndiye ndasankha galimoto yoti ilipirire," ndinatero. "Inu kokaika kuja simunapiteko. Ine ndinamunyamula, ndipo wina sindinyamulanso."

Anayang'ana pansi. Atadzutsa mutu anangopempha chinthu chimodzi, kuti zilembo zija tisazichotse, anzawo angawaseke. Ndinati zikhale, bola oyilo tizikasinthitsa kwa makaniko uja ine ndili pomwepo. Galimoto tinaitenga tsiku lomwelo.

Ulendo uno tinakonzeka msanga. Chikwama cha kuchidikiro chinali chomangamanga, ndipo mafuta ndinkayang'ana ndekha m'mawa uliwonse kuti munthu asawapungule. Koma mimba ya mwana ameneyu ili ndi phuma ngati ine mayi ake. Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, mkamwini anabwera akuthamanga kudzati zayambika. Tinamugoneka kumbuyo pamatiresi, mutu wake pamiyendo panga, mkamwini kutsogolo ndi apongozi ake.

Mtsetse wopita kumtsinje sindinauone, maso anga anali pa mwana. Ndinadzazindikira tili pachitunda chija. Mayo ine, galimoto ija inkakwera ngati nkhalamba yosenza nkhuni! Matayala ankaterera pakatondo, injini ikubuula, mizere ya tiyi ikudutsa pawindo mwaulesi moti ndikanatha kuthyola nsonga zake. Mwana wanga ankandifinya dzanja mpaka zala kuuma. Pamenepo ndinachita mantha, ndisaname. Ndinadzifunsa ngati nzeru zanga zija sizinali uchitsiru, ngati ija ya ku Boma sikanakhala itafika kale patala. Walira mvula walira matope, ndinali nditasankha ndekha yoyenda pang'onopang'ono. Tinafika pamalo penipeni pamene kapikapu kanafera, pali mtengo wa bulugamu wopindika. Galimoto inapadutsa ikubuula chomwecho, osasintha mawu, mpaka tinafika pamwamba.

Mtsetse utayamba, ndinaona dzanja lija likuchoka pa chiwongolero kupita pa kiyi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma ndisanatulutse mawu linaima m'malere, n'kubwerera lokha. Tinatsika injini ikulira mpaka patala.

Kuchipatala anamulandira msanga n'kulowa naye kochitira opaleshoni. Mkamwini anakhala pabenchi atagwira mutu, ine ndikuyendayenda pakhonde ngati nkhuku yofuna poikira. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotalika bwanji, koma mvula inali itakata ndipo pansi pataumako pamene namwino anatuluka n'kufunsa kuti agogo ake ndani. Ananditengera m'kati. Mwana wanga anali mtulo koma akupuma bwino, ndipo pambali pake kanthu kofiira kankalira mokalipa, kukamwa kuli yasa. Ndinakanyamula, ndipo kanali kolemera. Misozi yonse imene mwambo unandiletsa tsiku lija inatuluka pamenepo, namwino n'kumandiseka kuti agogo akuposa khanda.

Nditatuluka kukauza amuna anga, sindinawapeze pakhonde. Ndinawapeza poimika magalimoto, ali pampando wawo, manja onse awiri ali pa chiwongolero. Injini inali ikulirabe. Munthu amene amazimitsa galimoto pa kamtsetse ka mapazi ochepa anali atawotcha mafuta nthawi yonseyo ataima pamalo amodzi, ndipo kamuvi koonetsa mafuta kanali katagona pansi. Nditagogoda pawindo anatsitsa galasi, koma sanandiyang'ane kumaso. Anati ankaopa kuti mwina atiuza kuti tipitirire naye ku Blantyre, ndiye akazimitsa mwina siilira.

Ndinalowetsa dzanja pawindo n'kugwira lawo lija, losamva lija. Ndinaliika pa kiyi.

"Zimitsani, bambo," ndinatero. "Mdzukulu wanu walira."