Ndinabisa matenda a bambo a Tadala

Ndiulule lero. Amuna anga, bambo a Tadala, sali ku Derby ku ntchito yogonera komweko monga ndakhala ndikuwauzira amayi a kutchalitchi. Ali m'chipatala konkuno ku Leicester. Anawapeza ndi khansa ya m'magazi, ndipo awaika maselo atsopano opanga magazi.

Mankhwala amene amayamba kupereka amapha chitetezo chonse cha m'thupi. Chimfine chenichenichi chikhoza kuwatenga. N'chifukwa chake ali m'kachipinda kaokha.

Ndiye mukutidziwa ife pozonda matenda. Timafika chigulu, wina akutsokomola, wina wanyamula nkhuku, aliyense akufuna kusanjika manja. Ndikanawabweza bwanji pakhomo Mayi Tembo, amene ankandisambitsira Tadala ali wakhanda? Bodza linandipepukira kusiyana n'kunena kuti musabwere. Odwalawo sindinawauze kuti ndabisa.

Lachiwiri ndinamusiya mwana kwa aneba ku Beaumont Leys n'kukwera basi. Ndinawapeza atayang'ana kukhoma, chakudya osachikhudza.

"Kodi kutchalitchi ndinalakwira ndani?" anandifunsa. "Ngakhale kameseji komwe. Ine wokatenga anthu onse aja ku eyapoti."

Ndinangoti, "Ndi mashifiti, anthu atanganidwa."

Potuluka anandiimitsa mayi wa pachipatalapo amene amacheza ndi odwala za nkhawa zawo. Tsiku loyamba ndinawayankhira amuna anga kuti sakumufuna, ife timapemphera, zimenezo n'za amisala. Chonsecho amuna angawo akhala akulankhula naye. Zimene amakambirana mayiyo sanandiuze. Anangofunsa ngati alipo anzawo oti aziwaimbira, poti m'chipinda muja munthu amayamba kuganiza kuti aliyense wamutaya.

Kwathu kuzonda n'kufika ndi miyendo, ndipo wosafika timamuwerenga. Nanga matenda oletsa kufika tiziwazonda bwanji? Ine ndinangotseka zitseko zonse, ndi foni yomwe.

Dzulo ndinawaimbira Mayi Tembo n'kuwauza zoona.

"Iwe mwana, unaona monga sitingamve?" anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Nisebenza mu keya homu ine, kosamalira nkhalamba. Va infekishoni niviziba kuchila iwe."

Pofika masana anthu anali atayamba kuwaimbira. Amuna anga adziwa zonse tsopano, ndipo foni yanga yokha ndi imene sakuyankha.

Kachilombo sikanalowe m'chipinda muja, madokotala akuti magazi ayamba kukwera. Koma masabata onse aja munthu ankagona akuwerenga amene anawalakwira. Inu amene munasamalirapo wodwala wotere kuno, ndiuzeni mosandinyengerera: ndinawateteza, kapena ndinalakwa?