Mahedifoni a Amosi wa pa Ntaja

Mawu a Amosi sanapangidwire m'nyumba. Munthuyu anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo pofika zaka khumi anali kale m'bwato. Panyanja munthu sanong'ona. Mnzako ali kutsidya kwa ukonde, mphepo ikuomba, ukalankhula ngati uli pamaso pa apongozi nsomba zimatha kuthawa iye akufunsabe kuti wati chiyani. Ndiye Amosi anakula akukuwa. Kutsitsa mawu anachita kuphunzira atakula, ndipo njira yake inali imodzi: ankadzimvetsera yekha, akamva kuti mawu akwera n'kuwabweza.

Madzi atayamba kuthawa m'nyanjamo, matemba n'kusowa, anachita zimene amuna ambiri a kuderali amachita, anapita ku Joni. Anakhalako zaka zisanu akusanja katundu m'mashelefu a sitolo ina. Anzake pobwerera amabwera ndi malata kapena njinga yamoto. Iye anatsika basi ndi jekete yachikopa, kompyuta imodzi yakale ndi chisipika chachikulu. Mkazi wake Elube anayang'ana katunduyo, n'kuyang'ananso m'basimo ngati mwina wina watsalira.

Anapeza kachipinda pa Ntaja, kuseri kwa mzikiti, n'kutsegula malo osewerera magemu. Mwini kachipindako anali a Swaibu, mkulu wa pamzikitipo, wogulitsa nsalu, munthu wosachulukitsa gaga m'diwa. Zoti Amosi ndi Mkhristu sizinali nkhani. Pa Ntaja anthu amadyera limodzi pamaliro osafunsana kuti umapemphera tsiku liti.

Kenaka kunabwera chaka chija mvula inadula chimanga chikumasula. Pofika Novembala m'midzi ankaphika mango osapsa. Aliyense ankati magemu a Amosi afa, chifukwa ndani angasewere mpira wa pakompyuta m'mimba muli gwa? Koma zinachitika mozondoka, moti mwiniwake sanazimvetse poyamba. Munthu wa ku Joni chaka cha njala sayankha foni yochokera kumudzi, amadziwa kale chimene akumuimbira. Koma ukamuputa pa gemu kuti bwera ndikuchinye, amalowa msangamsanga. Ndiye akabaza, mavenda, ngakhale azibambo a imvi, anayamba kubwera kudzasewera ndi abale awo a kunjako. Mpira ukafika pakati, m'bale uja ataseka ndi kumasuka, m'pamene munthu ankalowetsa nkhani yoti kunyumba ufa unatha. Kachipindako kankadyetsa Amosi ndi banja lake, ngakhale mosakhutitsa, ndipo analibe kwina kolowera.

Vuto linali chisipika chija. Mawu a ku Joni ankatulukira momwemo pamodzi ndi mluzu wa woimbira mpira ndi chikhamu cha m'gemumo chikukuwa. Khoma la mzikiti linali pafupi moti nkhuku inkadutsa pakati pake mopanikizika. Lolemba lina a Swaibu anaima pakhomo, anapereka moni bwinobwino, n'kunena zimene anadzera.

"Lachisanu likubwerali ndidzakhala pafupi ndi zenera nthawi ya swala, mapemphero athu a masana. Ndikadzamva makina anuwa, mudzandibweretsere kiyi."

Amosi anazunguzika mutu. Kutsitsa sipika anayesapo kale, anthu sankamva abale awo ndipo ankachoka. Kutseka nthawi ya mapemphero kunali kutseka kasanu patsiku, komanso masana ndiyo nthawi imene a ku Joni amapuma pantchito. Anafunsa mlamu wake Kenneth, amene anatsala ku Joniko, ndipo Kenneth anati nkhaniyo ndi yaing'ono: agule mahedifoni a magemu, opanda waya, okhala ndi maiki yolankhulira, phokoso lonse lizithera m'makutu mwa wosewerayo. Anati ku Balaka, pafupi ndi siteshoni ya sitima, kuli sitolo imene amapezeka.

Pakhomo panatsala mbuzi imodzi, ya Elube, imene ankaisungira Januwale, mwezi umene njala imaluma zenizeni. Amosi anaimasula Lachitatu m'mawa. Elube anali akusenda mango pakhonde. Sanafunse, sanatukwane, anangosuntha miyendo kuti mbuzi idutse. Amosi akanakonda atamutukwana.

Ku Balaka anafika dzuwa lili paliwombo, atavala jekete yake yachikopa ngakhale kunkatentha, poti munthu wobwera ku Joni saonekera ndi malaya okha. M'sitolomo munali mtsikana wogulitsa, dzina lake Patience, wolankhula mothamanga ngati akuwerenga pepala. Anayala mahedifoni asanu pakauntala n'kuyamba. Awa ndi a bulutufu, koma mawu amachedwa pang'ono, chigoli chimalowa iwe n'kumva pambuyo. Awa ali ndi kachitsulo kobaya kukompyuta, sachedwa, koma kakatayika basi zatha. Awa batire lake limakhala tsiku lonse. Awa amayaka magetsi ofiira ndi obiriwira m'mbalimu, koma magetsiwo amadya batire. Awa maiki yake ukaikweza m'mwamba imazima yokha.

Amosi ankangogwedeza mutu ngati akumva. Kunena zoona, chimene anagwira chinali chimodzi, choti waya palibe, ndipo chinamusangalatsa chifukwa makoswe a chaka chimenecho, posowa chimanga, anali atamudyera mawaya awiri. Zina zonsezo zinkangomuzungulira m'mutu. Mawu angachedwe bwanji, akudzera kuti? Nanga magetsi a m'mbali amaunikira ndani, poti wovalayo sawaona? Anafuna kufunsa, koma jekete ija inamuletsa. Ndiye anachita zimene ankadziwa: ananyamula amodziamodzi n'kumawayeza m'manja monga ankayezera mlamba padoko. Opepuka anawakankhira kumbali.

Anatsala awiri, onse a kachitsulo kobaya. Patience anati oyambawo amatseka makutu ndithu, za panja sumva ngakhale pang'ono. Achiwiriwo amatsekanso, koma amakubwezera mawu ako omwe m'makutu ukamalankhula, kuti uzidzimva.

Apa Amosi anaseka koyamba tsiku limenelo. Anaona kuti tsopano wagwira pamene amalonda a m'tauni amapusitsira anthu a kumudzi.

"Achemwali, mawu angawa ndakhala ndikuwamva ulere chibadwire. Lero ndigulitse mbuzi kuti ndizidzimva ndekha? Iyayi, ndipatseni otsekawo."

Anawavala pomwepo. Balaka yense anazima. Akabaza, ma minibasi, wailesi ya sitolo yoyandikana, zonse zii. Patience ankamufotokozera kuti munthu amene sakudzimva amakweza mawu osadziwa, ndiye ngati malo akewo akufunika bata, achiwiri aja ndiwo abwino. Amosi ankangoona milomo ikugwedezeka. Anamwetulira, n'kuganiza kuti ngati sakumva munthu amene ali pamphuno pakepa, a Swaibu kuseri kwa khoma adzamva chiyani? Analipira n'kunyamuka, mtima uli m'malo.

Lachisanu linafika. Amosi sanafune kuti wina amuonongere mayeso, ndiye anabweza onse amene anabwera kudzasewera, nati abwere madzulo. Chisipika anachizula n'kuchifunditsa chitenje. Atamva azana, mawu oitanira anthu ku mapemphero, n'kuona anthu akuvula nsapato pakhomo la mzikiti, anadikira mpaka onse atalowa. Kenaka anabaya kachitsulo kaja, anavala mahedifoni, anatsitsa maiki n'kuputa Kenneth.

Zinayenda. Mluzu unalira m'makutu mwake mokha. Mawu a Kenneth anamveka ngati wakhala naye pabenchi pomwepo. Amosi anavula kamodzi kuti atsimikize, ndipo m'chipindamo munali chete, ntchentche yokha. Anavalanso, n'kuyamba kulankhula monong'ona, mwaulemu, polemekeza anthu amene ankapemphera. Iye ankaganiza choncho. Koma khutu limene linkamulondera mawu zaka zonsezi linali litatsekedwa, ndipo chimene chinkatuluka pakamwa pake chinali mawu aja a pa Chiuta, oitanira munthu kutsidya kwa ukonde.

Zikanakhala za mpira zokha, bwenzi zili bwinoko. Koma bata lija linamunyenga. Miyezi yonseyi ankamva anzake akudandaulira abale awo pa chisipika, iye osatsegula pakamwa, poopa kuti Ntaja angadziwe kuti mwini jekete yachikopa nayenso zamuthina. Tsopano kwa nthawi yoyamba anaona kuti ali yekha ndi mlamu wake. Kenneth atangofunsa kuti kunyumba kuli bwanji, Amosi anasiya mpira osewera ataima pabwalo, n'kukhuthula zonse.

Ananena kuti sabata yachitatu tsopano akudya mango ophika, ndipo ana m'mimba mwayamba kuwapweteka. Ananena kuti iye amachoka kunyumba m'mamawa dala kuti gawo lake adye ana, ndipo masana amatafuna kamtengo pakhonde kuti anthu aziti wadya. Munthu akamanena zowawa sakhala pansi, ndipo pakanakhala waya ukanamugwira pabenchi. Koma waya panalibe. Anaimirira, anazungulira m'chipindamo, anatulukira pakhomo, mpaka anakaima pamthunzi wa khoma la mzikiti, pansi pa zenera penipeni. Ali pamenepo ananena za mbuzi, kuti inali ya Elube, kuti anaimasula ngati wakuba mwiniwake akuona, ndipo mpaka lero akulephera kumuyang'ana kumaso kuti apepese. Anamaliza ndi kunena kuti zonsezi n'chifukwa cha mdala wouma mtima uja, a Swaibu, amene akufuna kumulanda kachipinda chaka cha njala.

Atatsazikana ndi Kenneth anamva kupepuka. Anabwerera m'kati, anavula mahedifoni, anawapukuta ndi malaya n'kukhala pakhomo kudikira kuti amuyamikire.

Anthu anayamba kutuluka mu mzikiti. Chodabwitsa, palibe amene anamuyang'ana kumaso. Wakabaza wina amene ankakonda kumuseka tsiku lililonse anangodutsa ataweramitsa mutu. Bambo wina wogulitsa nyemba, amene sanalankhulanepo naye, anaima, anamugwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti pepani, Mulungu ndi wamkulu. Amosi anayamba kuda nkhawa kuti mwina kwawo kwagwa maliro ndipo uthenga wafikira kwa ena. Anayang'ana chisipika, chinali chofundabe chitenje chake. Anayang'ana kompyuta, inali duu. Nanga chalakwika n'chiyani?

A Swaibu anatuluka pomalizira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomopo, ndipo Amosi ataona nkhope yawo dzanja linapita lokha m'thumba momwe munali kiyi, ngakhale sankadziwa mlandu wake.

"Makina anu sindinawamve," anatero a Swaibu.

"Zikomo, bambo. Ndinayesetsa."

"Koma inuyo takumvani tonse, mpaka mzere wakumbuyo. A shehe anachita kuima kaye kudikira kuti mumalize za mbuzi."

Apa m'pamene Amosi anazindikira zimene zinachitika. Anayesa kukumbukira zimene ananena, chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chimene ankakumbukira chinkaposa chinzake kuchititsa manyazi. Atafika pa mawu omalizira aja analakalaka nthaka itang'ambika. Anatulutsa kiyi n'kuwapatsira ndi manja awiri.

A Swaibu anayang'ana kiyiyo nthawi yaitali, koma sanailandire. Anati iwo ananena za makina, ndipo sasintha mawu awo, kaya mokomera iwo kaya mokomera wina. Kachipinda akhalebe nako. Koma chinthu chovala kumutucho abwerere nacho kumene anachigula akafunse ngati kulibe china chomuthandiza munthu kudzimva yekha, chifukwa mzikiti sungamaime Lachisanu lililonse.

Anatembenuka kuti azipita, kenaka anaimanso.

"Mdala wouma mtima uja akuti mawa m'mawa mubwere kunyumba ndi kathumba. Mwezi wonsewu mumandipatsa moni mukutafuna kamtengo, ine n'kumati mwadya."

Amosi anatseka msanga tsiku limenelo. Sankadziwa ngati wapambana kapena wagwa. Kachipinda kanali kakebe, koma ulemu umene ankausunga m'jekete muja unali utathera pazenera la mzikiti. Jeketeyo anaipinda n'kuikolekera pamkono, ndipo anayenda choncho kudutsa msika wonse.

Nkhani pa Ntaja imathamanga kuposa njinga. Anapeza Elube pakhonde pomwe paja, mpeni m'manja, dengu la mango pambali. Sanadzutse mutu.

"Ndamva kuti mwapepesa za mbuzi yanga ku mzikiti," anatero. "Ine kunalibeko."

Amosi anakhala pansi pafupi naye, anatenga bango limodzi m'dengumo n'kumalitembenuza m'manja. Kenaka munthu uja amene anamveka mpaka mzere wakumbuyo anapepesa, koma motsitsa kwambiri moti Elube anaika mpeni pansi n'kumuuza kuti abwereze.