Galimoto yanga yosalira inandidanitsa ndi mlongo wanga

Inu owerenga, ine ndinalakwitsa chinthu chimene ndikanachikonza ndi mawu ochepa chabe pa foni, ndipo lero mlongo wanga, m'bale yekhayo amene ndatsala naye pa dziko lino, amandiona ngati mfiti. Zachitika chaka chathachi, chilonda chake chikadali chachiwisi. Ndalemba kuti amene akulota zogula galimoto zamagetsi zabwerazi amve kaye za ine.

Ndimakhala ku Ntengo-Wambalame, ndipo ntchito yanga ndi yogula kachewere kwa alimi n'kukagulitsa ku Tete. Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga Rozina. Tinakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo pobwerera kuno nkhondo itatha ndine ndinkamubereka kumsana, amayi atasenza katundu. Makolo anatisiya kale. Rozina anakwatiwa ku Chidzolomondo, ku Macanga, ndipo alamu anga anamutenga chitengwa nditavomereza ine, poti mwinimbumba ndine. Ana ake awiri, Zakeyo ndi Filomena, ankanditchula kuti atsibweni. Kwathu kuno dzina limeneli si lamasewera. Mwana wa mlongo wako akadwala, akafuna banja, akamwalira, woyamba kuitanidwa ndiwe.

Malonda atandiyendera bwino zaka zingapo, ndinatopa ndi gazolina, petulo uja wa m'mabotolo amene timagula m'mbali mwa msewu, wosakaniza ndi zinthu zosadziwika. Mnzanga wina ku Tete anandionetsa galimoto yamagetsi, yaikulu, yoyera, yamiyendo italiitali yotha kulimbana ndi misewu yathu. Mtima unagwa pomwepo, ndinagula. Galimoto imeneyi ukaiyatsa siilira, imangonyamuka mwakachetechete. Ukatsegula kutsogolo, pamene zinzake zimakhala ndi injini, umapeza bokosi loikamo katundu. Pa bomba pothirira mafuta siipita. Umailumikiza ndi chingwe pakhoma ngati foni, ndipo pa magetsi a m'nyumba imatha usana ndi usiku isanakhute.

Tsono ine ndine munthu wokayikira, ndisakubisireni. Pa malonda a kachewere ukagona tulo amakuikira miyala pansi pa thumba, choncho ndinazolowera kuona chinyengo paliponse. Galimoto itafika ndinaimangira nyumba yakeyake, yopanda zenera, yachitseko chachitsulo, kiyi m'thumba mwanga. Amakaniko a pamsika akapempha kuti angoona m'kati mwake, ndinkati akufuna kuiikira mankhwala kuti ife. Anzanga akaiyamikira, ndinkati ndi kaduka kovala suti.

Panalinso nkhani ya okwera. Mukudziwa kuti kuno ukakhala ndi galimoto suyenda wekha, wina wa kutchalitchi akweza dzanja, wina ali ndi thumba la chimanga. Koma m'galimoto yangayi muli kagalasi kosonyeza moto umene watsala m'bateriya, ndipo ndinaona kuti pa zitunda za ku Tsangano, m'matope, ukanyamulanso anthu, nambalayo imatsika ngati madzi m'ndowa yobooka. Ndinkayenda maso ali pa nambala, mtima uli m'mwamba, poti ikathera kutchire palibe wobwera ndi chigubu kudzakuthirira. Ndiye ndinkangodutsa anthu. Chifukwa chake sindinauze aliyense. Pamsika ndinkatumbwa kuti yanga siimwa, siitopa, ndipo ndinkaseka anzanga oima pa mzere wa gazolina.

Nthawi ya Khirisimasi banja la mlongo wanga linabwera kudzacheza. Alamu anga ndi munthu wanthabwala. Anaizungulira galimotoyo n'kuitcha galimoto ya foni, amvekere tsiku lina adzabwera ndi ng'ombe zawo kudzandikoka. Anthu anaseka, ine ndinaseka mano okha. Ndinawamana kukwera, ndi Rozina yemwe. Koma Zakeyo, mnyamata wa ku sekundariya amene ankakonda zamakina, sindinathe kumukaniza. Ndinamutenga yekha mpaka ku Ulongwe, ndinamugulira nsapato, pobwerera akundifunsa mafunso osatha. Kupatula mkazi wanga, m'bale amene anakwerapo galimoto imeneyi ndi iye yekha.

Mvula itafika pachimake, chimphepo chinagwetsa mitengo ya magetsi, dera lathu lonse linakhala mumdima masiku angapo. Ine n'kuti nditangochokera ku Tete, bateriya ili pafupi kutha. M'mawa wina foni inalira. Anali alamu anga. Zakeyo anali atamwalira ku chipatala cha ku Furancungo ndi malungo aja okwera kumutu. Anati, "Atsibweni ake, bwerani ndi galimoto mudzamutenge mwana wanu, akagone kwawo."

Ndinalira, inu, mwana ameneyu ndinkamukonda. Ndinathamangira kukayatsa galimoto, nambala ili yofiira. Ngakhale ku Domwe, m'njira momwe, siikanafika. Mkazi wanga anandiuza kuti ndingowauza zoona, kuti magetsi anathima ndipo galimoto ilibe moto. Koma m'makutu mwanga munkamveka nthabwala ya ng'ombe ija. Ndinaona anthu onse a pamaliro akunong'onezana kuti wamatama uja galimoto yake yagona ndi njala. Mpaka ndinaganiza, Mulungu andikhululukire, kuti alamu akufuna kundiyesa dala. Ndinaimbira mnzanga wa ku Furancungo amene ali ndi galimoto yapamtunda kuti anyamule thupi, kenako ndinawaimbira alamu kuwauza kuti kukubwera galimoto ina. Anandifunsa ngati yangayo yawonongeka. Ndinayankha kuti ayi, ili bwinobwino, koma siibwera. Anadula foni.

Tinanyamuka ndi mkazi wanga pa shapa, minibasi ya kuno, kumene shapa inalephera tinakwera mota, njinga yamoto ija, ndipo tinafika pamudzi dzuwa litapendeka, matope mpaka m'makutu. Nditalowa m'nyumba ya siwa kukapepesa, Rozina anandiyang'ana kamodzi n'kufunda chitenje kumutu. Ndinati ndi chisoni. Panja, azibambo anandisunthira malo, koma anasuntha kwambiri, ndinapezeka ndili ndekha pa benchi. Akuluakulu atapita kuseri kukakambirana za mwambo wa mawa, sanandiitane, ine mwini wake wa mbumba. Chakudya chitabwera, mbale yanga sanapisemo munthu wina. Kumanda, pamene mtsibweni amayenera kuyankhula m'malo mwa banja, anaimirira msuweni wina wakutali amene dzina la Zakeyo analitchula molakwika. Ine m'mutu mwanga ndinkangoti awa ndi ansanje, akwiya kuti sanakwere galimoto yatsopano.

Zoona zake anandiuza mkazi wanga tili m'njira kubwerera. Iye anagona ndi azimayi, ndipo azimayiwo ankayankhula poyesa kuti wagona tulo. Akuti galimoto yanji yopanda injini, yosalira, yosapita pa bomba? Ngati siimwa gazolina, imamwa chiyani? Chifukwa chiyani imagona m'nyumba yopanda zenera itamangidwa chingwe? Chifukwa chiyani mwini wake sanyamula anthu? Mwa abale onse anakweza mwana mmodzi, anamugulira nsapato, ndipo mwanayo sanathe nazo ngakhale nyengo imodzi. Ndiye tsiku la maliro galimotoyo ili bwinobwino, wanena yekha, koma yakana kuyandikira thupi. Kwa iwo nkhani inali yomveka: ndinakhwimira malonda, chizimba chake chinali mwana wa mlongo wanga, ndipo galimoto ya mtundu umenewu siionana ndi amene inamudya.

Inu owerenga, chimene chinandiopsa kwambiri n'choti palibe chinthu ndi chimodzi chomwe chimene ananama. Nyumba yopanda zenera ndinamanga ndine. Anthu ndinkawadutsa ndine. Mawu oti ili bwinobwino anatuluka m'kamwa mwanga. Ikanakhala nkhani ya munthu wina, ine ndi mtima wanga wokayikirawu ndikanakhala woyamba kuikhulupirira.

Ndinayesa kuimba foni. Rozina sankayankha. Alamu anayankha kamodzi, ndinawafotokozera za mitengo ya magetsi ndi bateriya, ndipo anangondifunsa kuti ngati zinali choncho, chinandiletsa kunena m'mawa uja n'chiyani. Kunena kuti ndinkaopa kusekedwa, pamene mwana ali gone m'chipatala, ndani angamve zimenezo?

Magetsi atabwerera ndinaganiza zopita ndi galimoto yomweyo kuti akaione ndi maso, aigwire, ndiwatsegulire paliponse. Ndinaidzaza mpaka pakamwa, ndinapangana ndi mnzanga wa ku Furancungo uja kuti pobwerera ndidzailumikize kwake, ndipo tinanyamuka ndi mkazi wanga m'mamawa. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kumudzi galimoto imamveka ikadali kutsidya kwa dambo, anthu amatuluka, amakonzeka kulandira mlendo. Yangayi inangotulukira pabwalo ngati njoka. Mayi wina amene ankapeta chimanga anatembenuka n'kuiona ili kumbuyo kwake, anataya lichero n'kuthawa. Nditatsegula kutsogolo kuti ndiyambe kufotokoza, amene analimba mtima kusuzumira anaona bokosi lopanda kanthu, anayang'anizana n'kubwerera m'mbuyo.

Ndipamene ndinazindikira kuti anthu amene anali pabwalowo sanasonkhanire ine. M'nyumba munali Filomena, thupi lili moto, maso atatembenuka, ndipo anali atatuma munthu kukafuna mota. Ndinati Mulungu wandibweretsa pa nthawi yake. Ndinatsegula zitseko zonse, ndinauza alamu kuti amunyamule mwanayo tithamange. Rozina anatuluka atamubereka kumsana, mtsikana wamkulu ndithu miyendo ikulendewera, anaima pakati pa ine ndi galimoto. Sanakalipe. Anagwada pansi, mwana ali kumsana, n'kunena kuti, "Achimwene, mmodzi munatenga. Uyu yekha ndisiyireni."

Ine amene ndinamubereka kuchoka ku Malawi. Misozi inangotsika.

Mota inabwera. Anakwera atatu, woyendetsa, mwana pakati, Rozina kumbuyo atamugwirira. Alamu anakwera ina. Ine ndinawatsatira pambuyo pang'onopang'ono, mipando yofewa ili yopanda munthu, pamene mwana wa mlongo wanga akugwedezeka m'mabampu, mvula ikuwaza. Pa dambo lina mota inaterereka n'kugwa. Ndinaima, ndinatuluka kuthamangira komweko, koma alamu anatambasula dzanja kuti ndisayandikire. Anamudzutsa okha, anamupukuta matope kumaso, n'kupitiriza. Njira yonse Rozina ankacheuka kuona ngati ndikadali pambuyo, ndipo ndinadziwa kuti sakucheukira kuti ndimuthandize. Ndinapemphera njira yonseyo, ndipo ndivomere kuti pempherolo linali losakaniza, poti ndinkadziwa kuti mwanayu akafera m'njira ine ndili pambuyo pake, kumudzi kuja sindidzapondakonso.

Anafika ku Furancungo, anamwino anamulandira, ndipo patapita masiku Filomena anayamba kudya. Ine ndinkadikira kunja kwa mpanda, mkazi wanga ndiye ankalowa ndi chakudya. Ndinasangalala, ndinati tsopano mitima itsika, tikhala pansi tikambirane.

Inu owerenga, ngati mwagula chinthu chimene anthu akwanu sanachionepo, musachitsekere m'nyumba yamdima monga ndinachitira ine. Tsegulani tsiku loyamba, aone, agwire, afunse, akusekeni ngati akufuna kuseka. Auzeni pamene chimalephera, kuti chimatha moto, kuti magetsi akathima chimagona ngati mwala. Amene wakweza dzanja m'njira, ngati simungamunyamule, imani mumuuze chifukwa. Ndipo pa maliro musasunge ulemu wa galimoto. Ndikanangoti alamu, ilibe moto, akanaseka tsiku limodzi, mwina sakanaseka n'komwe, ndipo ndikanayankhula pamanda a mwana wanga. Ndinkayesa kuti anthu onse akundichitira chiwembu, osadziwa kuti mmene ndinkabisira zinthu ndi mmenenso ndinkawaphunzitsira kundikayikira.

Galimotoyo ndikadali nayo. Kugulitsa ndalephera, poti kuno palibe angaigule, ndipo mkazi wanga akuti ndikaigulitsa adzanena kuti yamaliza ntchito yake. Chitseko chachitsulo chija ndinachotsa, ndinaboola zenera, ndipo masiku ano ndimaima pa aliyense wokweza dzanja, ngakhale ambiri akaona kuti ndi ine amatsitsa dzanjalo.

Tsiku limene Filomena ankatuluka m'chipatala, mkazi wanga anamupempha Rozina kuti tiwaperekeze kumudzi, kapena angobwera kumpanda andipatse moni. Anakana zonse ziwiri, koma anamupatsa uthenga woti andiuze. Akuti akuthokoza Mulungu kuti anamulimbitsa mtima tsiku lija, chifukwa Zakeyo anakwera ndipo anapita, Filomena sanakwere ndipo wachira. Anabwerera kwawo pa mota.