Mawu a mdzukulu wanga pa lole ya sopo

Mayi wina amene tinkathyola naye tiyi ku esiteti anandichenjeza kalekale: "Mlendo akayamikira mwana wako pagulu, usasekerere. Wayamba kale kumuikira mtengo."

Mdzukulu wanga, amene ndinamulera mayi ake atamwalira, analowa mpikisano woimba wa pa TV. Sanapambane. Koma bambo wina wa ku Blantyre anatola atsikana anayi ogonja, mdzukulu wangayo mmodzi mwa iwo, nkuwapanga gulu. Anafika pakhomo pano akumuyamikira, atanyamula shuga ndi chitenje. Shugayo ndinayamba ndapatsako aneba, kuti ndione ngati adwale.

"Agogo, inu mumakayikira ngakhale mvula," anatero mwanayo akulongedza.

"Si mvula yomweyo inagwetsa khitchini?" ndinamuyankha.

Chaka choyamba nyimbo yawo inali paliponse, m'maminibasi, m'mafoni a akabaza a ku Muloza. Mwanayo ankandiimbira foni Lamlungu lililonse. Kenako mwa apo ndi apo. Kenako nambala inasiya kupezeka.

Tsiku lina ndinamva kuti gululo liimba pamsika wa Limbuli, pa lole yotsatsa sopo. Ndinakwera kabaza, ine amene sindikwera njinga ya munthu wosamudziwa kwawo. Ndili patali ndinamva mawu ake, ndi kalankhulidwe kathu ka Chilomwe kamene ankamuseka nako kusukulu. Miyendo inapepuka. Ndinakankha anthu mpaka kutsogolo.

Atsikana anayi, mawigi ofanana. Iye panalibe. Pamalo pake panali wina wamtali, akungogwedeza milomo, mawu a mdzukulu wanga akutuluka m'masipika. Anthu ali jegwejegwe kuvina.

Atatsika, wamtali uja ndinamugwira pamkono.

"Iwe, mwini wake mawuwo ali kuti?"

"Agogo, ndisiyeni, mundichotsetsa ntchito. Ine ndinalowa iye atachoka kale. Ena amati ali ku Joni, ena akuti ku Nampula."

Bambo wa ku Blantyre uja anali pomwepo; atandizindikira analowa m'galimoto nkukweza galasi.

Gululo linatha chaka chomwecho, ndinamva kuti anayambana. Nyimboyo imamvekabe pa wailesi nthawi zina. Ndimazimitsa, kenako ndimayatsanso isanathe.

Pano ndili ndekha, maondo sandilolanso kufika pamjigo. Mukamadutsa msewu wa ku Muloza, patukani mudzandizonde, nyumba ya kuseri kwa chigayo. Ngati munamuonako kwinakwake mdzukulu wangayo, yambani mwanena zimenezo muli panja pomwepo. Chitseko ndidzatsegula ndikamva kuti ndinu a kwa yani.