Alendo a ku Chizumulu m'nyumba mwathu

Amuna anga anathawa kwathu chifukwa cha ndale, ine n'kuwatsatira, tinakakhala ku Ilford, kudziko la Angerezi, m'kanyumba ka lendi. Munthuyo sankalira. Mayi awo atamwalira ku Chizumulu, iwo osatha kupita kumaliro, mawa lake anangolawirira kuntchito.

Loweruka lina anabwera kuchokera ku Romford ndi tinsomba tiwiri tabuluu m'thumba lapulasitiki. Tinali timbuna, tija ana amawedza posewera. Mzungu wa m'sitolo anawauza kuti mtundu umenewu umapezeka m'miyala ya pachilumba chawo chokha, ndipo ogulitsa kunja akapitiriza kuugwira udzatheratu.

"Ndiye pamenepa ndiwo zili pati?" ndinafunsa.

"Mayi a mwana, awa ndi alendo ochokera kumudzi. Muziyankhula bwino."

Alendowo anawagulira thanki yagalasi ndi hita yawoyawo, eni nyumbafe tikugona ndi majuzi. Zinkandiwawa, sindibisa.

Kenaka nsomba yaikazi inasiya kudya. Inabisala kuseri kwa mwala, masaya ali tupu. Amuna anga anabadwira pachilumba, koma anakulira kumishoni ndi mabuku, nsomba ankaidziwira m'mbale. Iwo anati yapukwa kwawo, ndipo ikafa, mtundu uthera m'manja mwawo. Nawonso anayamba kukankha chakudya.

Mbiri inafika kutchalitchi yoti kwathu kuli matenda. Amayi a kutchalitchiko anakwera basi kuchokera ku Lewisham kudzazonda, atanyamula phala m'mafulasiki. Atafunsa kuti wodwala ali kuti, ndinaloza thanki, ndikufuna nthaka itandimeza. Mtsogoleri wawo anayang'ana nsomba, n'kuyang'ana amuna anga mmene anaondera.

"Poti tafika kale, tiyeni tipemphere," anatero.

Phala lija anamwetsa amuna anga.

M'mawa wina tikumwa tiyi, nsomba ija inayasamula n'kulavula tiana tambirimbiri. Nthawi yonseyo inali itafungatira mazira m'kamwa. Amuna anga anagwada pakapeti n'kuitana mwana wathu.

"Bwera udzaone abale ako."

Mwanayo anamva bwinobwino, koma anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Bambo ake anayang'ana mwana, n'kuyang'ananso m'thanki.

"Awanso abadwira kuno," anatero. "Za Chizumulu azingomva kwa anthu."

Apo m'pamene analira, kulira kwa pamaliro kwenikweni, akuitana mayi awo. Ndinatula kapu yanga n'kugwada pambali pawo, poti namfedwa salira yekha.